M'BUSA WA NKHOSA YEMWE ADAKHALA PULOFESA WA KEMISITIRI

Mawu oyankhulidwa pamwambo wokumbukira Ufulu wa Malawi

Pa tsiku lino la 6 July ndapatsidwa mphindi zochepa kuti ndikambe za maphunziro a ana athu kuno ku South Africa. Ndasankha kukuuzani za mayi mmodzi wa m'dziko lomwe lino, Pulofesa Tebello Nyokong.

Mayiwa adabadwira ku Maseru m'dziko la Lesotho m'chaka cha 1951. Ali mwana adakakhala ndi agogo awo kumapiri, kumene ankaweta nkhosa tsiku lina, tsiku lina n'kupita kusukulu. Ku sekondale adayamba ndi maphunziro ena, n'kudzalowa sayansi kutangotsala zaka ziwiri kuti alembe mayeso otsiriza. Adalimbikira mpaka kukhoza. Digiri yoyamba adaitenga ku National University of Lesotho mu 1977. Kenaka adapita ku Canada, komwe adatenga digiri yachiwiri ku McMaster University mu 1981 ndi ya udokotala ku University of Western Ontario mu 1987. Mu 1992 adayamba kuphunzitsa ku Rhodes University, mumzinda wa Grahamstown umene tsopano ukutchedwa Makhanda.

Kodi ntchito yawo ndi yotani? Nthambi yawo ya kemisitiri imafufuza za zitsulo ndi mmene zimagwirizanirana ndi zinthu zina. Magazi athu ndi ofiira chifukwa cha kamphete kosaoneka ndi maso kamene pakati pake pali ayironi. Masamba ndi obiriwira chifukwa cha kamphete kofanana nako kokhala ndi maginiziyamu. Anthu adapanga mphete ya mtundu womwewu yotchedwa phthalocyanine. Pakati pake pakakhala kopa, imapereka utoto wabuluu wa mu inki ndi penti.

Pulofesa Nyokong ndi ophunzira awo amasintha chitsulo chapakaticho, kuikapo zinki kapena aluminiyamu, pofunafuna mankhwala a khansa. Utotowu ukaunjikana mu chotupa, amauwalitsa ndi kuwala kofiira. Mphamvu ya kuwalako imapita ku mpweya wa okosijeni umene uli pomwepo, ndipo mpweyawo umapha maselo a khansa. Cholinga n'chakuti mankhwala agwire ntchito pokhapo pomwe pawalitsidwa, mbali zina za thupi zisavutike.

Chifukwa cha ntchitoyi, boma la South Africa lidawapatsa mendulo ya Order of Mapungubwe mu 2005, ndipo mu 2009 adalandira mphoto ya L'Oréal-UNESCO yolemekeza amayi a sayansi, poimira Africa ndi mayiko a Aluya. Komanso aphunzitsa achinyamata ambiri a mu Africa muno mpaka kufika pa digiri ya udokotala.

Makolo anzanga, pempho langa ndi limodzi. Kuno mwana akamamaliza Grade 9 amasankha maphunziro oti apitirize nawo. Ambiri amathawa Mathematics ndi Physical Sciences n'kutenga Mathematical Literacy poti anzawo awauza kuti zinazo n'zovuta. Ife makolo, potanganidwa ndi ntchito ndi kutumiza ndalama kumudzi, timangosayina fomu osafunsa. Komatu mwana wosiya masamu ndi sayansi watsekeredwa khomo la udokotala, uinjiniya ndi kemisitiri. Akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Fomuyo ikabwera, khalani naye pansi mwanayo, kaonaneni ndi aphunzitsi ake, ndipo ngati masamu akumuvuta, mufunireni womuthandiza. Mwana wamkazi musamufooketse.

Ana inu, amene ankaweta nkhosa kumapiri ozizira a Lesotho adakwanitsa. Inu muli ndi magetsi, mabuku ndi intaneti. Zipatala ndi mayunivesite a kwathu ku Malawi akusowa anthu otere, ndipo tikuyembekeza inu.