Sing'anga wa ku Washington

Anthu a ku Ipusukilo adziwa kuti malire a Congo ali pafupi, ndi kuti utsi wa kumeneko sucedwa kufika m'Kitwe. M'dziko limenelo munafika sing'anga wamkulu, dzina lace America, wodziwa kuciza nthenda imene mwini thupi sanaimve.

Cikondi cace pa Congo cinayambira pansi pa nthaka, pakuti miyala ya ku mgodi wa Shinkolobwe inalowa m'bomba limene linaononga Hiroshima m'1945. Tsono pamene Patrice Lumumba anapempha cithandizo ku Russia m'1960, sing'anga anaombeza ula, napeza nthenda ya Cikomyunizimu. A CIA anatumiza mankhwala msanga ku Leopoldville, ndipo mankhwalawo anali poizoni. Sanafike pommwetsa ai; asilikali a Tshombe, pamodzi ndi akapitao ao a ku Belgium, anamuombera Lumumba ku Katanga pa 17 January 1961.

Pambuyo pace sing'anga anakondwera ndi namwino, Mobutu, amene anakhala pa mphasa ya wodwala kuyambira 1965 kufikira 1997, namadya yekha phala lonse. Ku Washington anali kumlandira ndi manja awiri, namcha bwenzi.