Tiwatengere Ana Athu ku Phiri

Awa ndi mawu amene mnzathu wina, yemwe akugwira ntchito m'boma ku Lilongwe, analankhula pa msonkhano wapachaka wa bungwe lathu la ophunzira akale umene unachitikira pa Santhe. Tawasindikiza monga m'mene anawalankhulira kuti anzathu amene sanathe kubwera awerenge ndi kutumiza maganizo awo kwa mlembi.



Akuluakulu anati sakumana ndi mapiri, anthu amakumana. Lero takumana ndithu, ena imvi zitatuluka, ena mimba zitatsogola. Komiti itandipempha kuti ndilankhule, ambiri mumayembekeza kuti ndinena za ntchito za m'boma kapena za kapezedwe ka malo ku yunivesite. Mundikhululukire, ine ndabwera ndi nkhani ya mapiri, ndipo kumapeto kwake ndipempha ndalama. Ndanenereratu kuti a Msungichuma akhale atakonzeka.

Ife ndife ana a m'chigwa. Dziko lathu lino la Santhe ndi lathyathyathya ngati lichero. Mwana amabadwa kuno, kukula, kulemba mayeso a Fomu 4, malo aatali amene anaimapo chili chulu cha m'munda mwa bambo ake. Amadziwa njira ya kudambo, ya kuchigayo ndi ya kumsika, koma dziko lake lonse sanalionepo ndi maso. Inenso ndinali wotero mpaka pamene tinali Fomu 2, m'zaka za m'ma 1990, pamene aphunzitsi athu a Jogalafe anapempha lole kwa mwini esiteti wina natitengera ku phiri la Kasungu.

Amene tinali m'lole imeneyo muli muno, ndikukuonani. Mukumbukira kuti tinanyamuka tambala atangolira, titanyamula mbatata yophika ndi madzi m'zigubu. Mukumbukiranso kuti anyamata amene ankadzitama kuti ndi akatswiri a mpira ndiwo anayamba kukhala pansi, pamene atsikana ozolowera kusenza ndowa anafika pamwamba akuimba. Ine ndinafika womaliza, mawondo akunjenjemera. Nditatembenuka ndinasowa chonena. Tauni ya Kasungu, imene tinkaiona ngati mzinda waukulu, inali ngati chimanga chomwazira nkhuku. Msewu wa M1 unali ngati ulusi. Kumadzulo kunali kwabii ndi mitengo ya nkhalango yosungirako nyama. Aphunzitsi anatsegula mapu aja tinkadana nawo m'kalasi, nawatsamiritsa ndi miyala, n'kutiuza kuti tiloze pansipo chilichonse chimene chili papepalapo. Tsiku limenelo ndinamvetsa mizere ya pamapu imene ndinailephera kwa chaka chathunthu.

Anatiphunzitsanso mbiri tili chikhalire pathanthwe. Phiri limenelo linali linga la anthu a Mwase m'masiku a nkhondo za Angoni, chifukwa munthu ali pamwambapo amaona mdani akadali kutali. David Livingstone anafika kwa Mwase m'chaka cha 1863. Mu 1895 asilikali a boma la Angerezi anathira nkhondo Mwase, namugonjetsa, ndipo pambuyo pake anamanga linga lawo lotchedwa Fort Alston. Zonsezi zinali m'buku, koma zinalowa m'mutu chifukwa tinali titaponda pamalo pomwepo.

Tsono zaka zinapita, ine osakweranso phiri. Ntchito ya mu ofesi imakhalitsa munthu pansi. Chimene chinandibwezera kumwamba ndi mwambo wa pamudzi. Chaka chatha tinapita kukamanga chiliza cha azakhali anga, amene anakwatiwa kumudzi wina wa m'malire a dziko lino ndi Zambia, kuseri kwa Mkanda m'boma la Mchinji. Kuchokera pano, munthu amatsata msewu wa ku Mchinji kenaka n'kupatukira kumadzulo m'misewu yafumbi. Mwambo utatha, msuweni wanga anati, “Achimwene, m'malo mongokhala pamkeka, tiyeni mukaone dziko.” Kuseri kwa mudziwo kuli kaphiri ka miyala. Tinayamba tapempha kwa a nyakwawa, amene anatiuza mbali yoyenera kudzera ndi mbali yosayenera, chifukwa kumeneko kuli manda. Tinakwera pafupifupi ola limodzi, ine kupumula kanayi.

Pamwambapo msuweni wanga analoza ndi ndodo minda ya chimanga ndi nyumba zamalata zimene zinali patsogolo pathu, nati, “Uko ndi ku Zambia.” Ndinayang'anitsitsa kufuna kuona malirewo. Panalibe mpanda, panalibe mtsinje, panalibe chipata. Ndinangoona kanjira ka njinga, mayi wina akukankha thumba la chimanga kupita kuchigayo cha tsidya linalo. Anthu a kumeneko ndi Achewa anzathu, a Banda ndi a Phiri omwewa. Gule ndi yemweyu. Mwezi wa Ogasiti mafumu athu amapita nawo ku Mkaika, m'boma la Katete, kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Foni yanga yokha ndiyo inadziwa kuti pali malire, chifukwa inalandira uthenga wondilandira m'dziko la Zambia ndili chiimire m'Malaŵi.

Apa m'pamene ndinakumbukira phunziro lina la aphunzitsi aja. Malire athu ndi Zambia m'chigawo chino amatsata msana wa dziko, pamene madzi a mvula amagawikana. Dontho logwa mbali ya kuno limatsikira mu Rusa, Rusa n'kuthira mu Bua, Bua n'kudutsa m'nkhalango ya Nkhotakota mpaka m'nyanja ya Malaŵi, kenaka mu Shire mpaka mu Zambezi. Dontho logwa mbali inayo limatsikira mu Luangwa, nalonso n'kukathira mu Zambezi. Madzi olekana pa kaphiri kamodzi amakakumananso ku Mozambique. Mwana amene waimapo pamalo otere sangaiwale phunziro limeneli, ndipo sangaonenso munthu wa ku Chipata kapena ku Lundazi ngati mlendo.

Koma si zokoma zokha zimene ndinaona, ndipo apa ndiye pagona nkhani yanga. Nditatembenukira kum'mawa, mbali ya kwathu kuno, dziko linali mbee. Mitengo yooneka inali mango a m'midzi, bulugamu wa apa ndi apo, ndi timagulu ta mitengo yachilengedwe tozungulira manda. Mukaona mitengo yakuda yowirira m'chigwa muno, dziwani kuti pamenepo pagona anthu. Akufa ndiwo atisungira mitengo. Tsamba, mombo, mtondo, msuku, muwanga, mlombwa, imene tinkaidziwa tili ana, yatsala kumanda ndi m'nkhalango za boma. Ngakhale pa kaphiri pomwepo tinkaponda zitsa, ndipo chakumunsi kunkafuka utsi wa uvuni wa makala.

Chifukwa chake tonse tikuchidziwa. Fodya wa fulu amadya nkhuni m'mabani usana ndi usiku. Fodya wa bale amafuna milimo ndi mphanda za zigafa, zimene chiswe sichichedwa kudya. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 maesiteti anagwetsa nkhalango zambiri m'boma lino. Kuyambira mu 1990, boma litaloleza alimi ang'onoang'ono kulima bale, pafupifupi khomo lililonse linamanga chigafa. Sindikunena izi monyoza fodya ayi. Ine amene ndaima pano fizi yanga inachokera ku okushoni ya ku Kanengo, ndipo milimo ya chigafa cha bambo anga ndinkadula ndine ndi nkhwangwa yanga. Ambiri muno ndi chimodzimodzi. Tinaphunzira ndi mitengo imeneyo. Ngongole ilipo, ndipo ndi yathu.

Vuto ndi lakuti munthu ali m'chigwa saona kukula kwa chimene chachitika. Aliyense amaona mtengo umodzi umene wadula, n'kumati ina ilipo kutsogoloko. Kukwera phiri ndiko kumaonetsa kuti kutsogoloko nakonso wina anadula. Ndipo nthaka yokokoloka m'minda yathu sithera pano. Imatsata njira ija ndatchula, kukwirira madambo ndi kudetsa Bua, mtsinje umene nsomba ya mpasa imakwera kuchokera kunyanja kudzaswana. Msodzi wa ku Nkhotakota amalipira nawo mtengo wa chigafa cha pa Santhe.

Kuti mwana aone kusiyana kwake, tili ndi mwayi pafupi pompano. Nkhalango yosungirako nyama ya Kasungu, imene inakhazikitsidwa ngati paki mu 1970, ndi yachiwiri kukula m'dziko muno, yoposedwa ndi Nyika yokha, ndipo kukula kwake kumapitirira masikweya kilomita 2,300. Kumadzulo kwake ndi malire a Zambia, ndipo tsidya linalo, chapafupi, kuli nkhalango ya Lukusuzi. M'katimo muli mapiri okwereka bwino. Kufupi ndi damu la Lifupa kuli thanthwe lotchedwa Black Rock, pamene alendo amakwera madzulo kukaona dzuwa likulowa, mitengo ili yokhayokha mpaka pamene maso alekezera. Kulinso phiri la Miondwe, zojambula za anthu akale pamiyala ya ku Solonje, ndi ng'anjo zimene makolo athu ankasungunuliramo chitsulo. Azungu amalipira ndege kudzaona zimenezi, pamene mwana wobadwira m'boma lomwelino sanafikeko ngakhale pachipata.

Ndikudziwa kuti ena muno mukamva za paki mtima umawawa, ndipo mpake. Mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchokera ku Liwonde kubwera ku Kasungu, ndipo kuchokera pamenepo midzi ya m'mphepete, kuno ndi ku Zambia komwe, yadandaula za minda yoonongedwa ndi za anthu amene ataya miyoyo. Imeneyi si nkhani yoseka. Koma amene adzaweruze nkhani zotere mawa, kaya ngati mafumu, alangizi, aphungu kapena akuluakulu a m'maofesi, ndi ana amene ali m'kalasi lero. Ine ndaona m'ntchito yanga momwe munthu amalembera mzere pamapu ali mu ofesi, malowo asanawapondepo. Ndi bwino mwana aone ndi maso ake pamene nkhalango yathera ndi pamene munda wa munthu wayambira, asanapatsidwe cholembera.

Tsono pempho langa ndi ili, a Pampando. Chaka chilichonse bungwe lathu limasonkha ndalama, ndipo gawo lalikulu limathera pa chakudya ndi zakumwa za tsiku ngati lalero. Sindikudana ndi nyama ya mbuzi, mwandiona ndadya nawo. Koma ndikupempha kuti theka la ndalama za phwando tizipatula, tizilipira galimoto yotengera ana a Fomu 3 ku phiri kamodzi pachaka. Chaka china apite ku phiri la Kasungu, china ku Lifupa, china ku mapiri a ku Mchinji kumene Bua amayambira. Ana amenewo akabwerako, kalasi lawo lifese nazale ya mitengo yachilengedwe, ndipo machubu ndi mbewu tigule ndife. M'mera m'poyamba.

Ulendo wotere uli ndi malamulo ake, ndipo ndiwatchule kuti makolo asade nkhawa. Nthawi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Julayi, mvula itatha, miyala itauma, utsi wa moto wa lupsa usanaphimbe dziko. Mu Okutobala dzuwa limaotcha ndipo patali sipaoneka. Kunyamuka kukhale m'mamawa, mwana aliyense ndi botolo lake la madzi ndi nsapato zotseka, osati patapata. Asaike dzanja m'mphako kapena pansi pa mwala, chifukwa m'menemo ndi m'nyumba mwa njoka. Phiri lililonse lili ndi eni ake, choncho tiyambe taonekera kwa a mfumu ndi kupempha munthu wa pamudzipo kuti atitsogolere, ndipo timuthokoze ndi kangachepe. Kumene atiletsa, kaya ndi kumanda kaya kudambwe, tisapiteko. M'paki musalowe wapansi popanda a gemu, ndipo a Hedimasitala alembe kalata ku ofesi ya nkhalangoyo nthawi ikadalipo. Kumalire, akuluakulu anyamule ziphaso zawo za unzika, ndipo gulu lisadutse kupita tsidya linalo ngakhale njira ikuoneka yotseguka. Pomaliza, pasapezeke woyatsa moto, wotaya mapepala a pulasitiki, kapena wolemba dzina lake pamwala. Dzina lilembedwe pa satifiketi.

Wina afunsa kuti, kodi ana akusowa mabuku ndi madesiki, ife n'kumawatengera kokayenda? Funso limeneli ndi loona, ndipo sindikuti tileke kugula mabuku. N'chifukwa chake ndaloza ndalama za phwando, osati za mabuku. Koma ndikufunseni anzanga a m'lole ija: mwa maphunziro onse a Fomu 2, ndi tsiku liti limene mukulikumbukira mpaka lero? Aphunzitsi aja anatisiya kale, Mulungu awasunge. Analibe galimoto, analibe ndalama, anangopempha lole. Ife lero tili ndi malipiro, ena magalimoto, ena maesiteti amene. Tikalephera kuchita chimene munthu mmodzi anachita ndi pakamwa pokha, manyazi ndi athu.

Ine ndayamba: mafuta a ulendo woyamba ndilipira, ndipo ndidzakwera nawo, ngakhale ndikudziwa kuti ndidzafikanso womaliza. A Mlembi ali ndi pepala pakhomo paja. Amene muli ndi lole, minibasi, kapena mwana wa mlongo wanu amene amadziwa njira ya kuphiri, lembetsani musanatuluke, kuti komiti ikakhala pansi mwezi wamawa ipeze poyambira.