Muvi wa M'mbali mwa Msewu

Munthu woyenda m'midzi ya chigawo cha Victoria, m'dziko la Australia, amaona zikwangwani zokhala ndi muvi m'mbali mwa msewu. Muviwo suloza njira ayi. Umaloza ukali wa moto wolusa umene ungabuke tsikulo, malinga ndi kutentha, mphepo ndi kuuma kwa tchire. Dzikolo ndilo kwawo kwa mitengo ya bulugamu, imene masamba ake ali ndi mafuta. Ikagwira moto, makungwa oyaka amauluka ndi mphepo nakayatsa tchire lina kutsogolo, ozimitsa akali m'mbuyo.

Kale anthu ankalangizidwa kusankha okha: kuchoka msanga, kapena kutsala nateteza nyumba. Koma pa 7 February 2009, tsiku limene mzinda wa Melbourne unatentha kufika madigiri 46.4, moto unapha anthu 173, ndipo ambiri a iwo anafera m'nyumba. Tauni ya Marysville inatsala phulusa pafupifupi yonse.

Kuyambira mu 2022 machenjezo alipo anayi. Lomaliza, lotchedwa Catastrophic, litanthauza kuti ngakhale nyumba yolimba siyenera kudaliridwa.

Povuta ndi apa. Wailesi ikalengeza chenjezoli madzulo, banja liyenera kulongedza usiku womwewo ndi kunyamuka kumwamba kuli mbee, utsi usanaoneke, kusiya nkhosa kubusa. Kawirikawiri moto sufika. Anthuwo amabwerera atatopa napeza zonse zili bwinobwino, mnansi amene anatsala akuthirira maluwa ake. Sabata isanathe, muvi uja ukhoza kukweranso.