Dongosolo la Chitukuko cha Khonsolo: Mawu kwa Akhristu a M'mphepete mwa Nyanja ku Salima



 Lero tikufuna tikambirane za buku limene ambiri a ife sitinalionepo ndi maso, chonsecho ndi limene liyenera kulamula kumene mjigo ukumbidwe, mlatho umangidwe, ndiponso sukulu imene ilandire chipinda chatsopano chophunziriramo. Bukuli ndi dongosolo la chitukuko cha boma, limene khonsolo iliyonse imayenera kulemba ndi kulitsata.

Tiyambe takumbutsana kumene tachokera. Malamulo aakulu a dziko lino a chaka cha 1994, m'gawo 146, anapatsa makhonsolo udindo wokonza ndi kukwaniritsa madongosolo a chitukuko cha m'madera mwawo. M'chaka cha 1998 boma linakhazikitsa ndondomeko ija tonse tinaidziwa ndi dzina loti Mphamvu ku Anthu, pamodzi ndi lamulo la maboma ang'ono. Makhansala oyamba pansi pa lamuloli tinawasankha mu Novembala 2000. Koma nthawi yawo itatha m'chaka cha 2005, dziko linakhala zaka zisanu ndi zinayi lopanda khansala ndi mmodzi yemwe, mpaka chisankho cha pa 20 Meyi 2014. Ife tikuona kuti zaka zimenezo zinatisiyira chizolowezi choipa. Anthu anazolowera kuti chitukuko chimabwera ndi munthu, osati ndi dongosolo, ndipo mpaka lero ambiri akafuna mjigo amayamba afunsa kuti "Kodi tikagwade kwa yani?"

Mwa lamulo lake, dongosololi limayambira kumudzi. Komiti ya chitukuko ya kwa gulupu, ija timaitcha VDC, imaitanitsa anthu, amayi ndi abambo, achinyamata ndi okalamba, kuti atchule mavuto awo ndi kugwirizana loyamba kuthana nalo. Zimene agwirizana zimapita ku komiti ya dera la mfumu yaikulu, ADC, imene imaika pamodzi zofuna za midzi yonse ya m'deralo. Kuchokera apo zimafika kwa akuluakulu a nthambi za boma, a zaumoyo, a maphunziro, a ulimi, a zausodzi ndi ena, amene amagwira ntchito pansi pa bwanamkubwa. Iwowa amalembanso buku lina lofotokoza mmene boma lilili: chiwerengero cha anthu, sukulu, zipatala, misewu ndi madzi. Pomaliza khonsolo yonse imakhala pansi ndi kuvomereza dongosololo, ndipo bajeti ya chaka ndi chaka iyenera kutengedwa m'menemo. Kuyambira 2021 madongosolo a maboma akuyeneranso kugwirizana ndi masomphenya a dziko a Malawi 2063, amene analowa m'malo mwa Vision 2020.

Ena anganene kuti zonsezi ndi za m'mapepala chabe. Tikumvetsa chifukwa chake, pakuti tonse tinaonapo misonkhano imene mathero ake ndi kulemba maina ndi kulandira ya chakudya. Komabe taganizirani boma la anthu oposa 470,000, monga momwe kalembera wa 2018 anapezera kuno ku Salima, limene ndalama zake sizingakwanire ngakhale theka la zofuna zake. Wina ayenera kutsogola, wina ayenera kudikira. Ngati palibe mndandanda wolembedwa umene aliyense angathe kuuwerenga, amatsogola ndi mudzi wa munthu wa pakamwa, mudzi wa m'mbali mwa msewu wa tala, kapena umene unavota bwino. Mudzi wa kutali, umene galimoto silifika nthawi ya dzinja, umangomva kuti chaka chamawa. Ndiponso m'madera ambiri m'dziko muno taona zipinda zomangidwa mofulumira chisankho chikayandikira: chipatala chopanda namwino, sukulu yopanda nyumba ya mphunzitsi, msika umene ogulitsa anaukana chifukwa palibe anawafunsa. Ndalama zinatuluka ndithu, koma ntchitoyo sinali m'dongosolo la nthambi imene iyenera kutumiza ogwira ntchito ndi zipangizo.

Ife a kuno sitiyenera kupita kutali kuti tikaphunzire ubwino wokonzeratu za mtsogolo. Chitsanzo chili pa chilumba cha Mbenji. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ufumu wa Makanjira unakhazikitsa lamulo loti chilumbachi chizitsekedwa nyengo ya mvula, kuyambira mu Disembala mpaka mu Epulo, kuti utaka uswane. Asodzi amachoka onse, ndipo tsiku lotsegula limadziwika ndi kulengezedwa poyera. Pachilumbapo pali malamulo okhwima, monga oletsa mowa ndi juga, ndipo wolakwa amalangidwa kapena kuthamangitsidwa. Sikuti asodziwo samva njala m'miyezi imeneyo. Amaimva. Koma lamulo limadziwika kwa onse, silisintha chifukwa cha nkhope ya munthu, ndipo phindu lake amaliona ndi maso makoka akabwerera m'madzi. N'chifukwa chake lakhala zaka zoposa 60, ndipo akatswiri a zausodzi ochokera kunja amabwera kudzaphunzira. Chimene tikupempha kwa khonsolo si chachilendo ayi. Ndi chomwechi: lamulo lodziwika, losakondera, lotsatidwa chaka chabwino ndi chaka choipa chomwe.

Pali nkhani imodzi imene tikufuna kuikhalira pang'ono, chifukwa ikatipita sidzabwereranso. Iyi ndi nkhani ya malo a m'mphepete mwa nyanja. Kuchokera ku Chipoka kudzafika ku Senga Bay mpaka ku Lifuwu, gombe lomwelo likufunidwa ndi msodzi wokokera bwato lake, mayi woyanika usipa pathandala, mwana wotunga madzi, ndi wamalonda womanga malo ogona alendo. Alendo tikuwafuna, pakuti amabweretsa ntchito kwa ana athu. Koma ngati palibe pamene panalembedwa kuti apa ndi dooko la anthu onse, apa ndi njira yopita kumadzi, apa munthu asamange, ndiye kuti mpanda uliwonse watsopano umadula njira ya wina, ndipo mudzi umadzazindikira gombe litatha. M'chaka cha 2024 madzi a nyanja anakwera kwambiri nalowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo, kuno ndi ku Mangochi ndi ku Nkhotakota. Nyanja inangobwerera pamene inkafika kale, ndipo akuluakulu a m'midzi amapadziwa. Chimodzimodzi mtsinje wa Linthipe, umene kusefukira kwake si nkhani yachilendo kwa aliyense wa kuno. Nzeru zimenezi ziyenera kulowa m'dongosolo la kagwiritsidwe ntchito ka malo, ndipo wopereka chilolezo chomanga aziyamba watsegula bukulo. Tisaiwalenso kolera ya m'zaka za 2022 ndi 2023, imene inasautsa kwambiri maboma a m'mbali mwa nyanja. Chimbudzi cha padooko si chitukuko chimene munthu amaimbirapo nyimbo pamsonkhano wa ndale, n'chifukwa chake chimaiwalika msanga ngati sichinalembedwe.

Za ndalama tinena mwachidule. Ndondomeko ya 1998 inalonjeza kuti makhonsolo azilandira magawo asanu pa magawo 100 alionse a ndalama zimene boma limatolera, ndipo kwa zaka zambiri makhonsolo akhala akudandaula kuti lonjezoli silikwaniritsidwa. Dongosolo lopanda ndalama limagwetsa anthu ulesi, ndipo pa ichi boma lalikulu lili ndi mlandu woyankha. Thumba la CDF, limene linayamba m'chaka cha 2006, lakhalanso gwero la mikangano pakati pa aphungu ndi makhansala. Mu Meyi 2025 bwalo la milandu loona za malamulo aakulu linagamula kuti n'kosemphana ndi malamulowo kuti aphungu aziyendetsa thumbali kapena kuvota m'khonsolo. Ife sitikulowerera mbali ya wina aliyense pa mkanganowu. Tikungoti, kaya ndalama yadzera khomo liti, ikagwire ntchito imene anthu anaisankha ndipo inalembedwa. Mabungwe omwe si aboma, ndi ife a mipingo tomwe, tisadzipatule pa lamuloli. Nafenso nthawi zina tamanga pamene tinafuna ife, osayamba tafunsa ku ADC.

Kwa inu makhansala amene munasankhidwa pa 16 Sepitembala 2025, tikukupemphani kuti muliwerenge dongosolo la boma lino, mulimasulire m'Chichewa ndi m'Chiyao kwa anthu a m'mawodi mwanu, ndipo muzibwerera kudzanena zimene zatheka ndi zimene zalephereka. Kwa inu mafumu athu, gogo chalo ndi magulupu, tikupempha kuti makomiti a chitukuko asankhidwe ndi anthu pabwalo, asakhale a pabanja, ndiponso kuti malo a padooko asagulitsidwe mseri.

Ndipo kwa inu abale athu, akulu akale anati safunsa anadya phula. Misonkhano ya khonsolo ndi yotseguka kwa anthu, ndipo lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020. Palibe amene akulakwa akapempha kuona dongosolo la chitukuko kapena bajeti. Tikupempha mphakati uliwonse kuti mwezi uno usankhe anthu awiri, mayi ndi bambo, apite kwa wapampando wa VDC akafunse mafunso atatu: mudzi wathu unapempha chiyani, pempholo linafika pati, ndipo msonkhano wotsatira udzakhala liti. Apite pamodzi ndi anansi athu a Chisilamu ndi a mipingo ina, pakuti mjigo timamwera umodzi. Mayankho amene alandire adzawerengedwe pamsonkhano wa mphakati, ndipo ife tidzawasonkhanitsa kuti tikawatule ku ADC ya dera lililonse mvula isanayambe.