MAU OCHULIRA ODWALA MAGANIZO

Pa migodi ndi m'makomboni munthu akadwala maganizo, anzace amaleka kumchula dzina lace, namangoti "wamisala uja". Mau otere amaononga zambiri. Munthu woopa kusekedwa amabisa nthenda yace osapita ku cipatala, ndipo nthendayo imakula kufikira nchito yamthera ndi banja lapasuka.

Kale lamulo lomwe linali ndi mau onyoza. Cipatala ca Chainama ku Lusaka cinatsegulidwa mu 1962 kuti cithandize odwala otere, koma lamulo la masiku a Northern Rhodesia linali kuchulabe ena a iwo ndi mau a Cingelezi otanthauza "citsiru". Mu 2017 Khoti Lalikulu linaweruza kuti mauwo acotsera munthu ulemu wace, ndipo mu 2019 lamulo latsopano linalowa m'malo mwa lakalelo.

Tsono mau amene khoti linawakana sayenera kutsala pakamwa pa anansi. Wodwala cifuwa ca m'migodi anthu amamchulabe dzina lace. Wodwala maganizo nayenso ayenera ulemu womwewo, pakuti ali atate wa ana, ndipo akalandira mankhwala msanga akhoza kucira ndi kubwerera ku nchito.