CHITHOKOMIRO: NAMBALA IMODZI SIWERUZA MLANDU

Mau amene wogwira ntchito zachipatala wina analankhula kwa anthu osonkhana pa Mwanza boma



Nkhani yanga ndi ya kapepala. Munthu watupa pakhosi, kapena mtima ukumuthamanga atangokhala, amutumiza ku Gulupu ku Blantyre kukapimitsa magazi. Abwerako ndi kapepala kolembedwa TSH ndi T4. Aona nambala ina yakwera, basi tulo tatha. Lero tiyeni tikawerengere limodzi kapepalako.

Tonsefe tili ndi kachiwalo pakhosi kamene kakatupa timati chithokomiro. Kamapanga timadzi totchedwa T4 ndi T3, tolamula liwiro la thupi: kugunda kwa mtima, kutentha, mphamvu. Koma TSH imachokera m'kachiwalo kena, kunsi kwa ubongo. Iyoyo ili ngati kapitawo wa pa esiteti. Antchito akachita ulesi amakuwa kwambiri. Akagwira mopyola muyeso amangoti chete. Choncho TSH ikakwera, kawirikawiri chithokomiro chafooka, ikatsika, chikuthamanga. Ambiri amamva mozondoka. Muyeso wa TSH umene madotolo ambiri amatsata ndi 0.4 mpaka 4.0.

Nanga manambala akakana kugwirizana?

Choyamba, TSH yakwera pang'ono koma T4 ili bwino. Musathamangire mankhwala. Pimitsaninso pakapita miyezi iwiri kapena itatu, pakuti mwa anthu ambiri imabwerera yokha.

Chachiwiri, munthu wagonekedwa ndi TB kapena malungo aakulu. Thupi lodwala limatsitsa T3, ndipo TSH imatha kusokonezeka chithokomiro chili chosalakwa. Ayambe wachira, kenaka apimitse.

Chachitatu, mayi woyembekezera. M'miyezi itatu yoyamba TSH imatsika mwachibadwa. Nenani kuti ndinu oyembekezera asanakutengeni magazi.

Chachinayi, amene mumamwa thyroxine. TSH ndi T4 zikakwera zonse ziwiri, nthawi zambiri munthu analekeza mapilitsi n'kudzamwa ambiri tsiku lopima litayandikira. Nenani zoona, dotolo si wapolisi. Mapilitsi oonjezera magazi amatsekereza thyroxine m'mimba, choncho muzisiyanitsa ndi maola anayi. Rifampicin wa TB naye amachepetsa mphamvu yake. Ndipo akakusinthirani muyeso wa mankhwala, dikirani masabata 6 mpaka 8 musanapimitse.

Chachisanu ndicho chosazengereza: T4 yatsika koma TSH sinakwere. Apa kapitawo ndiye wadwala. Zimachitika, mwachitsanzo, kwa mayi amene anataya magazi ambiri pobereka, mkaka osatuluka, msambo osabwereranso. Ameneyu akaonedwe ndi dotolo wamkulu msanga.

Abale athu amene munabwera ndi mapepala a kunja, samalani poyerekeza. Kwina T4 amailemba mu ng/dL, kwina mu pmol/L. Nambala 1.2 ya koyamba ndi 15 ya kwachiwiri n'chimodzimodzi. Yang'anani muyeso wolembedwa pambali pa nambala yanu. Ndiponso mapilitsi a biotin, amene ena amamwa kuti tsitsi likule, amanamiza makina ena opimira. Alekeni masiku awiri kapena atatu musanapimitse.

Pomaliza, pali otupa pakhosi manambala onse ali bwino. Kawirikawiri kumakhala kusowa kwa ayodini m'zakudya, vuto lodziwika m'madera a mapiri kutali ndi nyanja ya mchere, ndipo ife kuno mapiri tawaona. N'chifukwa chake mu 1995 dziko lino linakhazikitsa lamulo loti mchere uzithiridwa ayodini. Gulani wa m'paketi yolembedwa, sungani chotseka, ndipo chinangwa chowawa muzichiviika mokwanira. Koma chotupa chikalimba, chikamakula msanga, kapena mau akasasa, pitani ku chipatala ngakhale kapepala kakunena zabwino.

Amayi ndi abambo, bwalo la mfumu siligamula mlandu ndi mboni imodzi. Sungani mapepala anu onse, akale ndi atsopano. Nyamulani mankhwala onse amene mukumwa, ndipo funsani dotolo kuti, "Nambala iyi ikugwirizana ndi mmene ndikumvera m'thupi?" Magaziwo ndi anu, kufunsa si mwano.