Dzina la Mlendo m'Minda ya Tiyi

Dziko la Chipinge lidziwikanso ndi dzina lakuti Gaza. Dzinali linabwera ndi Soshangane, mfumu ya nkhondo yochokera kumwera, amene anatcha ufumu wake dzina la agogo ake. Anthu amene iye anawalamulira nawo anatchedwa Ashangani, kutengera dzina la mwini wakeyo. Motero dzina limakumbukira zimene anthu anaziiwala kale.

Makolo a ku Malawi sanali kutcha mwana dzina chabe. Wobadwa pa nthawi ya zowawa anali Mabvuto kapena Masautso. Wobadwa atamwalira anzake anali Maliro kapena Manda, kuti imfa imnyoze ndi kumpitirira. Ngakhale ku China, kumene dzina la banja liyamba ndipo la mwana litsatira, makolo akale anali kupatsa khanda dzina lonyozeka, monga Galu, kuti mizimu yoipa isalikhumbire. Mitundu iwiri yotalikirana inagwirizana pa chinthu chimodzi: dzina ndi mau a kholo pa mwana wake.

Koma anthu a ku Nyasaland atafika ku minda ya tiyi ya ku Chipinge ndi ya ku chigwa cha Honde, ambiri anataya maina otere. Mzungu kapena kalaliki, polephera kutchula dzina lachilendo, anali kulemba Foloko, Supuni kapena Sikisipensi, ndipo dzina lachipongwelo linakhazikika pa chitupa. Eni dziko anawatcha Mabhurandaya, ndiko kuti anthu a ku Blantyre. Abale ao kumudzi anawatcha matchona. Maina onsewa anachokera m'kamwa mwa ena.

Zotsatira zake zinaoneka patapita zaka. Lamulo la unzika la mu 2001 linachititsa ana ambiri a matchona, obadwira m'Zimbabwe momwemo, kuyesedwa alendo, kufikira malamulo akulu a dziko a mu 2013 anawatsegulira njira. Pofunafuna makalata a kubadwa, ena anapeza kuti dzina la atate ao pa chitupa silidziwika ku mudzi uli wonse wa ku Dedza kapena ku Mulanje.

Pamenepa pali udindo wa Mpingo. Ntchito imene Mbusa T.C.B. Vlok anaiyamba ku Salisbury mu 1912, imene inakhala Sinodi ya C.C.A.P. mu 1965, inayambira pa kusamala alendo omwewa. Chifukwa chake mbusa ndi mlembi wa mpingo, polemba buku la ubatizo, ayenera kufunsa dzina lenileni, mfunda wake, kaya Phiri, Banda kapena Mwale, ndi mudzi ndi mfumu ya makolo, nalembe zonse mosamala. Nkhalamba zodziwa zimenezi zatsala zowerengeka, ndipo zikapita sipadzakhala wofunsa.

Komabe dzina lachipongwe silitha kuchotsa ulemu wa munthu. Ophunzira a Ambuye anayamba kutchedwa Akhristu ku Antiokeya, monga anena Machitidwe 11:26, ndipo dzina lomwelo ndilo limene Mpingo uli nalo kufikira lero. Mbusa Wabwino aitana nkhosa zake ndi maina ao. Abusa amene Iye anawatuma asachite mosiyana.